PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MUNTHU AKAVULALA PANTCHITO, BANJA LICHITE CHIYANI?

Kuwerenga: Eksodo 21:18-19, Deuteronomo 22:8, Yakobo 5:4

MAU OYAMBA

Mwezi uno tiphunzira nkhani imene ambiri timayamba kuifunsa tsoka litagwa kale. Amuna athu, ana athu ndi ife eni ake timalawira m'mawa kupita ku ntchito: ena kumanga nyumba, ena kuthyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena kudula nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ena m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, ena kulondera usiku, ena m'mafakitale ndi m'zipatala. Si onse amabwerako ali bwino. Wina amagwa pa makwerero, wina makina amamudula zala, wina mankhwala opopera m'munda amamulowa m'maso.

Zikatere, katundu yense amagwera mayi. Ndiye amagona pansi m'chipatala podikirira wodwala, ndiye amafuna chakudya ndi fizi ya ana pamene malipiro aima. Chomvetsa chisoni n'chakuti mabanja ambiri sadziwa kuti dziko lathu lili ndi lamulo lonena za chipukuta misozi cha munthu wovulala pantchito. Amalandira thumba la ufa ndi ndalama ya thiransipoti, n'kuthokoza, nkhani n'kuthera pomwepo. Akulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tifunse ndi kuphunzira kudakali bata.

Ndime zimene tawerengazi zikutionetsa kuti nkhaniyi si yachilendo kwa anthu a Mulungu. M'buku la Eksodo, munthu wovulaza mnzake anayenera kumulipira chifukwa cha masiku amene wagona osagwira ntchito, komanso kuonetsetsa kuti wachira. M'buku la Deuteronomo, womanga nyumba analamulidwa kutchinga m'mphepete mwa denga kuti munthu asagwe. Kupewa ngozi, kuchiza wovulala ndi kumubwezera zimene wataya: mfundo zitatuzi ndi zomwenso zili m'malamulo a masiku ano.

1. LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi limatchedwa Workers' Compensation Act ndipo linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000. Palinso lamulo la 1997 lonena za chitetezo ndi umoyo pamalo a ntchito, limene limalamula olemba ntchito kusamala malo ogwirira ntchito ndi kupereka zodzitetezera pamene ntchitoyo ili yoopsa. Nkhani za chipukuta misozi zimayendetsedwa ndi Komishonala woona za chipukuta misozi ku Unduna wa Zantchito, ndipo khomo lolowera kwa ife anthu wamba ndi ofesi ya zantchito ya m'boma lathu, imene tonse timaitcha kuti ku leba.

Mfundo yaikulu ya lamuloli ndi iyi: munthu akavulala chifukwa cha ntchito yake, ali mkati mogwira ntchitoyo, womulemba ntchito ayenera kulipira chipukuta misozi. Wovulalayo sayenera kusonyeza kuti abwana ake analakwa. Izi tizimvetse bwino, chifukwa ambiri amanyengedwa pomwepa. Amauzidwa kuti, "Mwadzivulaza nokha, simunasamale," ndipo amabwerera kunyumba ali chete. Kuterereka, kutopa kapena kuphonya pang'ono pogwira ntchito sikuchotsa ufulu wa munthu. Chimene lamulo limakana ndi kudzivulaza mwadala. Komanso kuphwanya mwadala malamulo a chitetezo, monga kugwira makina munthu ataledzera, kungachititse kuti pempho likanidwe.

Lamuloli linanenanso za thumba limene olemba ntchito azisonkhamo ndalama, koma kwa zaka zambiri chikhazikitsireni lamuloli thumbalo silinayambe kugwira ntchito, kotero wolemba ntchito aliyense wakhala akulipira yekha kapena kudzera ku kampani ya inshulansi. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene ena amazengereza kulipira kapena kufuna kubisa ngozi.

Tidziwenso kuti bala laling'ono limene silinamulepheretse munthu kugwira ntchito kwa masiku asanu ndi awiri silibweretsa chipukuta misozi. Komabe bala lililonse linenedwe ndi kulembedwa, pakuti ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino taona kachilonda ka msomali kakusanduka chilonda chodulitsa mwendo, makamaka kwa anthu a matenda a shuga.

2. NDANI AMENE AKUTETEZEDWA?

Lamulo limateteza munthu aliyense amene walembedwa ntchito, kaya anasaina pepala kaya anangogwirizana pakamwa. Choncho kusowa kalata yolembedwera ntchito si chifukwa chokhalira pansi. Mlonda, dalaivala, kalaliki, wothyola tiyi, wophunzira ntchito pagalaja ndi wantchito wa pakhomo, onsewa ndi antchito. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zantchito ndi kuletsa mchitidwe wa matenanti m'maesiteti, kotero wolima fodya wa mwini esiteti ayenera kutengedwa ngati wantchito wolandira malipiro.

Pali ena amene lamuloli silikuwakhudza. Munthu wodzilemba yekha ntchito, monga wogulitsa pamsika kapena wophwanya miyala payekha, alibe bwana woti amulipire. Wachibale wokhala m'nyumba imodzi ndi mwini ntchito, asilikali a nkhondo, ndiponso waganyu wa apo ndi apo amene ntchito yake sikhudzana ndi bizinesi ya womutumayo, nawonso sali m'gululi. Koma tichenjere ndi mau akuti ganyu. Munthu amene wakhala akugwira ntchito pa malo amodzi tsiku ndi tsiku kwa miyezi, pa ntchito yeniyeni ya kampaniyo, asavomere msanga kuti ndi waganyu chabe. Apite ku leba akamve kumeneko.

3. MATENDA OBWERA CHIFUKWA CHA NTCHITO

Si ngozi zokha zimene zimawerengedwa. Lamulo lili ndi mndandanda wa matenda odza chifukwa cha ntchito. Vuto la matendawa ndi lakuti amabwera mwakachetechete. Fumbi la miyala limene munthu amapuma m'migodi ndi m'makwale limaumitsa mapapo pang'onopang'ono, ndipo munthu angayambe kubanika patapita zaka zambiri atasiya ntchitoyo. Matendawa amatchedwa silicosis, alibe mankhwala ochiritsa, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Mankhwala opopera mbewu amalowa m'thupi kudzera pakhungu ndi popuma. Phokoso la makina limagonthetsa makutu. Othyola fodya wonyowa ndi mame amatha kumva chizungulire, nseru ndi kusanza chifukwa chikonga cha m'masamba chimalowa pakhungu.

Choncho munthu wathu akamadwaladwala, tikafika kuchipatala tisaiwale kunena ntchito imene amagwira kapena imene ankagwira kale. Dokotala sangalote kuti agogo amene akutsokomolawa anakhala zaka khumi pansi pa mgodi.

4. KODI NDALAMA AMAWERENGERA BWANJI?

Chipukuta misozi sichiperekedwa mongoganizira kapena malinga ndi kukoma mtima kwa abwana. Chimachokera pa zinthu ziwiri: malipiro a pamwezi a wovulalayo ndi kukula kwa chilema chimene dokotala wapeza.

Munthu akalumala kotheratu moti sangadzagwirenso ntchito, lamulo limati alandire malipiro ake a pamwezi kuchulukitsa ndi 54. Akalumala mbali imodzi, monga kuduka zala kapena kuwonongeka diso limodzi, dokotala amalemba peresenti ya chilemacho, ndipo amalandira gawo limenelo la ndalama zija. Munthu akamwalira, omudalira amalandira malipiro ake a pamwezi kuchulukitsa ndi 42.

Tiyeni tiyerekeze ndi munthu amene amalandira K150,000 pamwezi. Atalumala kotheratu, chipukuta misozi chake ndi K8,100,000. Dokotala atalemba kuti chilema chake ndi 30 peresenti, alandira K2,430,000. Atamwalira, banja lake lilandira K6,300,000. Tsono taonani kusiyana kwa ndalama zimenezi ndi K50,000 ya chipepeso imene ena amapatsidwa mu envulopu.

Kuwonjezera apo, wolemba ntchito ayenera kulipira zofunika pa chithandizo cha kuchipatala, monga mankhwala, mayendedwe opita kuchipatala, ndodo zoyendera kapena mwendo woikirira. Pa nthawi imene munthu ali chigonere kuyembekezera kuchira, lamulo limanenanso kuti azilandira ndalama zomuthandiza. Ndalama za penshoni ndi malipiro amene anagwirira kale ntchito ndi nkhani ina. Munthu asauzidwe kuti penshoni yakeyo ndiyo chipukuta misozi.

5. ZOYENERA KUCHITA NGOZI IKACHITIKA

Choyamba ndi moyo. Magazi akamatuluka, tsindikani pabala ndi nsalu yoyera osasiya. Pamoto thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano, mazira kapena dothi. Mankhwala akalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri ndipo tengani botolo la mankhwalawo popita kuchipatala. Munthu amene wagwa kuchokera pamwamba ndipo akudandaula msana kapena khosi asanyamulidwe mopindika, koma agonekedwe pa thabwa kapena chitseko. Wobayidwa ndi msomali kapena chitsulo afunse za jakisoni wa kafumbata. Wogwira ntchito m'chipatala, kuphatikizapo okolopa ndi ochapa, akabayidwa ndi jakisoni wogwiritsidwa kale ntchito anene nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino.

Chachiwiri, uzani dokotala kapena namwino momveka bwino kuti ngoziyo yachitikira kuntchito, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa m'buku la kuchipatala pamodzi ndi tsiku lake. Nthawi zina woperekeza wodwala amakhala kapitawo wa pantchitopo, ndipo wovulalayo chifukwa cha mantha amanena kuti wagwa panjinga. Bodza la tsiku limodzi limenelo limadzatsekereza banja lonse, chifukwa zimene zalembedwa tsiku loyamba ndizo zimakhulupiriridwa.

Chachitatu, dziwitsani abwana msanga. Kunena pakamwa n'kwabwino, koma kalata ndiyo mboni yosaiwala. Lembani tsiku, nthawi, malo, chimene chinachitika ndi maina a amene anaona. Sungani kope lanu. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani bala ndi malo a ngoziyo.

Chachinayi, pitani ku leba. Ndi udindo wa wolemba ntchito kukanena za ngoziyo ku ofesi ya zantchito, koma banja lisangokhala kudikira. Pitani mukafunse ngati lipoti lafika. Ngati silinafike, nenani nokha. Lamulo limapereka miyezi 12 kuchokera tsiku la ngozi, ndipo miyeziyo imatha msanga munthu akamangouzidwa kuti abwere mawa.

Chachisanu, sungani mapepala onse m'jumbo imodzi pamalo ouma: buku la kuchipatala, malisiti a mankhwala ndi a minibasi, mapepala a malipiro, chitupa cha kuntchito ndi chiphaso cha unzika. Mukamapereka pepala ku ofesi iliyonse, perekani fotokope, lenilenilo likhale kwa inu. Lembani m'kope tsiku lililonse limene mwapita ku ofesi ndi zimene mwauzidwa.

Chachisanu ndi chimodzi, bwererani kwa dokotala pa masiku onse amene wanena. Peresenti ya chilema imayezedwa bwino pamene bala lapola ndipo zaoneka kuti chatsala n'chiyani. Pa tsiku loyezalo wovulalayo anene zoona zokhazokha, osawonjezera komanso osabisa. Amuna athu ambiri amachita manyazi kunena kuti dzanja silikugwira khasu kapena kuti mkodzo ukuvuta chivulalireni msana. Mayi amene amakhala naye usana ndi usiku amuperekeze ndi kumukumbutsa.

6. MISAMPHA YOFUNIKA KUIPEWA

Msampha woyamba ndi kusaina pepala limene sitinaliwerenge. Munthu ali pabedi, ululu uli m'thupi, kunyumba kulibe ufa, ndipo wina akubwera ndi ndalama ndi pepala lakuti nkhani yatha. Thandizo la nthawi yomweyo tingalandire, koma tisasaine kapena kudinda chala popanda wina wodziwa kuwerenga amene timamukhulupirira. Kuwerengera chipukuta misozi kudzere ku leba.

Msampha wachiwiri ndi mantha ochotsedwa ntchito. Manthawa ndi omveka, pakuti ntchito ikusowa. Koma kudandaula motsata lamulo si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito, ndipo wochotsedwa mopanda chilungamo angathe kukadandaula ku leba ndi ku khoti loona nkhani za ntchito. Amene ali m'bungwe la anthu apantchito adziwitse atsogoleri a bungwelo.

Msampha wachitatu ndi anthu oyendayenda m'mawodi ndi m'midzi olonjeza kuti atithamangira nkhani tikawapatsa kangachepe kapena theka la ndalama zikatuluka. Ngati ngozi inachitika chifukwa cha kusasamala kwa wolemba ntchito, monga kuchotsa chotchingira makina kapena kusapereka zodzitetezera, munthu angathenso kukasuma ku khoti, ndipo nthawi yosumira nkhani za kuvulala ndi zaka zitatu. Koma zimenezi zimafuna loya weniweni, ndipo mugwirizane naye za malipiro ake polemba musanayambe. Amene sangathe kulipira loya akafunse ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa pa milandu.

Msampha wachinayi uli m'nyumba mwathu momwe. Ndalamazi zimabwera kamodzi, koma chilema n'cha moyo wonse. Zikafika, abale amachuluka ndipo ngongole zakale zimadzuka. Banja likhale pansi ndalama zisanatuluke ndi kugwirizana: zina za sukulu ya ana, zina za mpamba wa bizinesi imene wolumalayo angaikwanitse, zina zisungidwe ku banki.

7. IMFA IKACHITIKA

Chipukuta misozi cha imfa ndi cha anthu amene ankadalira malemuyo pa moyo wawo, makamaka mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi ena amene ankawasamala monga makolo okalamba. Si cha aliyense amene ali ndi mau aakulu pa maliro. Mayi wamasiye asapereke mapepala a malemu kwa achibale kuti akamutsatire nkhani iye atatsala kunyumba. Apite yekha, ndipo ife timuperekeze. Atenge chiphaso cha imfa, umboni wa ukwati, ndi maina ndi zaka za ana onse, kuphatikizapo ana amene malemuyo anabereka kwina, pakuti mwana salakwa. Tikumbukenso kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu.

8. ABAMBO AMENE ANAPITA KU JONI

M'midzi yathu mudakali abambo amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa kudzera ku Wenela ndi TEBA, ndiponso amayi amasiye a abambo oterewa. M'chaka cha 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wakuti makampani asanu ndi limodzi a migodi apereke ndalama zokwana R5 biliyoni kwa anthu amene anadwala silicosis kapena TB chifukwa cha ntchito. Ndalamazo zimayendetsedwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust, ndipo zimakhudza amene anagwira ntchito m'migodi ina ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019. Si aliyense wopita ku Joni amene angalandire: pamafunika umboni wa mgodi umene munthu anagwirako ndi umboni wa matendawo. Kupereka pempho ku bungweli n'kwaulere. Choncho makhadi akale a ku mgodi asatayidwe, mabanja akafunse ku leba, ndipo asapereke ndalama kwa munthu wongoyenda ndi kope kulemba maina.

9. IFENSO NDIFE OLEMBA NTCHITO

Amayi, tisamalize phunziroli tikuloza chala makampani okha. Ambiri a ife tili ndi mtsikana kapena mnyamata wotithandiza pakhomo, mlonda, kapena wosamalira maluwa. Maparishi athu ali ndi alonda, ophika ndi amisiri. Mtsikana wantchito akapsa ndi mafuta otentha m'khitchini mwathu, kodi timamutengera kuchipatala ndi kulipira zonse, kapena timamukweza basi kuti akachirire kwawo? Mlonda akatemedwa ndi akuba poteteza katundu wathu, kodi timamudula malipiro a masiku amene wagona? Lamulo limene taphunzirali likutimanga ifenso. Kalata ya Yakobo imachenjeza kuti kulira kwa antchito oponderezedwa kumafika kwa Ambuye, ndipo sikusankha kuti wowapondereza wavala yunifomu yanji Lachinayi.

Tiyambe ndi kupewa. Tikonze waya wa magetsi wong'ambika, tigule magolovesi ndi majombo, timupatse mlonda tochi ndi chovala cha mphepo, tisunge mankhwala a mbewu kutali ndi chakudya, ndipo tisalembe ntchito ana. Tilembe m'kope malipiro amene timapereka mwezi uliwonse, wantchito azisaina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Kodi m'dera lathu anthu amavulala kwambiri pa ntchito ziti? Nanga mabanja awo amathandizidwa bwanji?
2. Kodi ofesi ya leba ya m'boma lathu ili pati? Ndani mwa ife angapite kukafunsa ndondomeko yake ndi kudzatifotokozera pa msonkhano wamawa?
3. Tikamakazonda wodwala amene wavulala pantchito, ndi mafunso ati amene tingafunse banja lake kuwonjezera pa kupemphera nalo?
4. Kodi m'nyumba mwathu ndi pa tchalitchi pathu pali chiyani chimene chingavulaze wantchito, chimene tingakonze mwezi uno?

NTCHITO YA MWEZI UNO

Nthambi iliyonse isankhe amayi awiri odziwa kulemba ndi kuwerenga amene aziperekeza mabanja ku leba ndi kuwathandiza kulemba makalata. Maina awo aperekedwe kwa mlembi wa nthambi ndi kwa bambo ansembe, ndipo alengezedwe m'tchalitchi kuti ovutika adziwe kogogoda.

PEMPHERO

Atate wachifundo, sungani onse amene amatuluka m'mawa ndi usiku kukagwira ntchito. Chiritsani ovulala, tonthozani amasiye, ndipo patsani olemba ntchito mtima wachilungamo, kuyambira ife tomwe. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.